Kaofesi ka maakaunti komwe kamandikonzera msonkho wa ndalama za pa khadi kuno ku Zomba

Anzanga amene muli ndi makina a POS, oswaipira khadi aja, pa shopu kapena pa lesitilanti ndipo mutu umakuzungulirani ikafika nthawi ya return, lipoti la msonkho lopita ku MRA, ndati ndikuuzeniko za kaofesi kena ka maakaunti kamene ine ndimapitako, kali m'tauni momwemu osati patali ndi msika waukulu. Dzina sinditchula ayi, chifukwa pali zina zomwe ndidandaule mmunsimu ndipo Zomba ndi yaing'ono, mawa lomweli tikumana pa maliro kapena ku tchalitchi nde zisamakhale zoyang'anana ndi diso lofiira. Mwachidule ntchito amaidziwa, makamaka iyi ya ndalama zolowa kudzera pa khadi, koma kuti muwapeze pa foni pamafunika mtima wautali kwambiri.

Ine ndili ndi kalesitilanti kakang'ono cha kunjira yokwera kuphiri, timaphika nsima ya chambo, nkhuku ya lokolo, tchipisi, khofi, ndi tizipatso ta kuphiri tija tikakhalapo. Makasitomala anga ambiri ndi azungu opita ku Ku Chawe, anthu a ma NGO, ndi aphunzitsi a ku Chanco, inde ndikudziwa kuti masiku ano akuti UNIMA koma ifeyo tidzakalamba tikuti Chanco basi. Anthu amenewa sayenda ndi kashi wambiri. Azungu amatulutsa credit card ya Visa kapena Mastercard, a kwathu kuno ambiri ndi debit card ya ku banki kwawo, ndipo chibwerereni Natswitch ija inayamba mu 2015 n'kulumikiza mabanki, khadi ya banki ina imaswaipika pa makina a banki ina popanda vuto. Kwa ife ogulitsa kaya ndi credit kaya ndi debit sizisiyana kwenikweni, ndalama imalowa mu akaunti mu makwacha, ndipo kwa a msonkho zonsezo ndi malonda omwe mwagulitsa. Pali anthu ena amaganizabe kuti a MRA amangoona za kashi wa mu drowa kapena za lisiti yomwe mwalemba, za pa khadi ayi. Abale, ndalama ya pa khadi ndi yomwe imasiya mapazi poonekera kuposa ina iliyonse, ili pa sitetimenti ya banki tsiku ndi tsiku, tambala ndi tambala.

Ofesiyi mwini wake ndi mayi wina wachikulire ndithu, wa magalasi, wosaseka chisawawa, nde ali ndi anyamata awiri atatu ongomaliza kumene sukulu amene amalowetsa manambala pa kompyuta. Chimene chinandikopa n'choti amayiwa sanayambe ndi kundifunsa kuti mukufuna mulipire zingati, paja alipo ena mtauni muno amene funso lawo loyamba limakhala limenelo kenako n'kukuphikirani manambala. Iwowa anati bweretsani zinthu zitatu: sitetimenti ya banki ya chaka chonse, ma slip a makina aja otseka tsiku, ndi kope lanu la malonda. Anayala sitetimenti pa tebulo, rula m'manja, bolopeni yofiira, n'kumatsika mzere ndi mzere, pena kuchonga pena kuzunguliza, osayankhula, ine ndili phee pa mpando wapulasitiki ndikumva ma minibasi a ku Chinamwali akuitanira panja. Atafika pakati pa tsamba lachiwiri anakweza mutu n'kunena kuti, "Achimwene, ndalama yomwe yalowa ku banki si ndalama yomwe mwagulitsa." Nkhani yonse ya msonkho wa pa khadi yagona pamenepo.

Ndifotokoze mmene anandifotokozera ine. Tiyerekeze kuti kasitomala wadya za K50,000 n'kuswaipa. Banki imadula kaye kake, tingoyerekeza kuti ndi 2 pa 100 iliyonse poti banki iliyonse ili ndi mtengo wake komanso zimatengera mgwirizano womwe munasaina, nde mu akaunti mulowa K49,000. Ambiri timatenga K49,000 ija n'kulemba kuti ndiwo malonda. Ayi ndithu. Malonda ndi K50,000 yonse, ndipo K1,000 yomwe banki yadya imalembedwa payokha kumbali ya ndalama zomwe bizinesi yawononga, limodzi ndi lendi, magetsi, makala, malipiro a antchito ndi zina zotero. Wina afunsa kuti nanga zikusiyana pati poti phindu likutuluka lomwelo? Zikusiyana, chifukwa si zonse zomwe a MRA amawerengera pa phindu. Kuti muli m'gulu liti la msonkho, kaya muli mwa mabizinesi ang'onoang'ono olipira presumptive tax kaya mwadutsa, kaya mwafika poti mulembetse VAT, zonsezo amayang'ana ndalama zonse zomwe mwagulitsa pa chaka musanachotse kalikonse. Ndipo ngati munalembetsa kale VAT, msonkhowo umawerengedwa pa mtengo womwe kasitomala walipira osati pa zotsala banki itadyapo, lisiti ya makina a EFD, otulutsa malisiti a msonkho aja, ikuonetsa K50,000, return yanu ikuti K49,000, kasiyanidwe kameneko mukakachulukitsa ndi makasitomala a chaka chonse kamakhala dzenje loti munthu wa audit, wofufuza mabuku anu, akhoza kukhalirapo tsiku lonse kukufunsani mafunso.

Apa ndiwonjezepo zanga. Chigwereni kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023 muja, mitengo ya pa menyu tinakweza tonse, mafuta ophikira, nkhuku, chambo, chilichonse. Mbale zomwe tikugulitsa ndi zomwezija, mwinanso zachepa, koma nambala ya makwacha yatupa. Nde pali anthu ambiri mtauni muno amene adutsa malire a gulu lawo la msonkho osadziwa, iwo mumtima akadali a bizinesi yaing'ono koma sitetimenti ikunena zina. Amayiwa chaka chilichonse amayamba aphatikiza kaye malonda onse, a kashi, a khadi, a pa foni, kenako n'kuona malire omwe alipo chaka chimenecho poti amasinthasintha ndi bajeti, ndipo amakuuzani poyera ngati mwayandikira. Zimenezi ndimawayamikira.

Chachiwiri chomwe amachita bwino ndi nkhani ya masiku. Mukaswaipa Loweruka madzulo ndalama siilowa nthawi yomweyo, imadzaoneka Lolemba kapena Lachiwiri, ndipo kawirikawiri imabwera itaphatikizana, za Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu mulu umodzi, nde mukamayang'ana sitetimenti simungadziwe kuti mulu umenewu ndi wa makasitomala ati. N'chifukwa chake ka slip kotseka tsiku kaja n'kofunika kwambiri, kaja makina amatulutsa madzulo mukamatseka kosonyeza kuti lero mwaswaipa kangati ndipo zonse pamodzi ndi zingati. Anyamata a mu ofesiyi ali ndi tebulo lawo pa kompyuta, mzere wina tsiku logulitsa, wina ndalama ya pa slip, wina tsiku lomwe yalowa ku banki, wina zomwe banki yadula, ndipo pomwe sizikugwirizana pamafiira. Kuyambira 2022 chaka cha boma chimatha pa 31 March, ndipo mabuku anga amatsekedwa tsiku lomwelo, nde malonda a pa 30 ndi 31 March omwe ndalama yake inalowa mu April iwo amawabweza ku chaka chomwe chakudyacho chinadyedwa. Ndi kanthu kakang'ono koma Pasaka ikagwera chakumapeto kwa March, alendo ali yakaliyakali kuphiri, masiku awiri amenewo si ndalama yochepa.

Za ma slip zomwezi, pepala lake lija limafufutika. Ndi kutentha kwa mu October kuno, mukalisunga mu drowa ya kukhitchini miyezi ingapo mumadzapeza kapepala koyera mbee ngati sipanalembedwepo kanthu. Mmodzi mwa anyamata aja ndi amene anandiuza kuti madzulo aliwonse ndizijambula ndi foni ndisanakabaye pa msomali, n'kutumiza pa WhatsApp kwa ine mwini kuti tsiku lizionekera. Panopa mtsikana wa pa kauntala amachita zimenezo asanazimitse magetsi.

Tsopano pomwe ndinaona kuti ndalama yanga siikupita pachabe ndi pa zinthu zomwe zimaoneka ngati malonda pa sitetimenti koma si malonda. Izi zilipo zambiri ndipo munthu ukapanda kusamala umalipira msonkho pa ndalama yomwe sunapindulepo. Mwachitsanzo makasitomala ena amalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nde kumapeto kwa sabata ine ndimakankhira ndalama imeneyo ku banki. Munthu waulesi angawerenge ya pa foni ija ngati malonda, kenako n'kuiwerenganso ikalowa ku banki, ndalama imodzi kawiri. Amayiwa anafuna sitetimenti ya pa foni nayonso n'kumagwirizanitsa, iyi yatuluka uku yalowa uku, basi imodzi. Palinso mchemwali wanga ali ku Johannesburg amene nthawi zina amatumiza ndalama ya mankhwala a mayi athu, palinso ya chipereganyu ikafika nthawi yanga yolandira, zonsezo zinkagwera mu akaunti yomweyo ya bizinesi. Apa sananyengerere, anati tsegulani akaunti ina ya zapakhomo, ya bizinesi ikhale ya bizinesi basi, chifukwa tsiku lomwe a MRA adzakufunseni kuti K300,000 iyi yachokera kuti, mawu oti ndi ya achemwali opanda pepala lililonse sadzakuthandizani.

Ndiye pali khalidwe lina lomwe lafala, mwezi ukatha mizere ya pa ATM ikafika mpaka kumsewu, kapena makina atha ndalama, mnzako amabwera kuti aise ndiswaipe K40,000 pa makina akowo undipatse kashi. Umamva chisoni n'kumuthandiza. Koma pa sitetimenti K40,000 imeneyo ikuoneka ndendende ngati wagulitsa nsima, banki yadyapo kake, iwe wapereka kashi yense wathunthu, mapeto ake waluza kawiri, komanso mgwirizano wa makinawo nthawi zambiri sulola zimenezo. Amayi aja atapeza manambala ozungulira bwinobwino otere, K20,000, K40,000, pamene mitengo ya pa menyu yanga siithera pa ma ziro ambiri choncho, anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati zomwe zachitika kale tizilemba padera ndi umboni womwe ulipo, koma kutsogoloku muziwakanira, anene kuti ndinu ouma mtima palibe kanthu.

Ma tip nawonso. Azungu amakonda kunena kuti onjezanipo K5,000 ya mtsikana watitumikirayu, nde imalowa pa khadi limodzi ndi bilu. Amayi aja anatsegula kope lina laling'ono, tsiku, ndalama, dzina la wantchito, iye n'kusaina kuti walandira, kuti zizioneka kuti ndalamayo inangodutsa. Chimodzimodzi netiweki ikamavuta, makina akuti yakana pamene kwa kasitomala yadula, aswaipanso, mawa lake akubwera ndi uthenga wa pa foni kuti mwandidula kawiri. Mukamubwezera, slip yobwezera ija isungeni pamodzi ndi yoyamba. Ndipo credit card ya kunja ili ndi kachitidwe kena, mwini wake akhoza kukadandaula ku banki yake atabwerera kale kwawo ku London, patapita miyezi, banki n'kubweza ndalamayo kuchoka mu akaunti yanu. Zoterezi zimachotsedwa pa malonda koma pokhapokha pali pepala, apo ayi zimangooneka ngati ndalama yatuluka yosadziwika kopita.

Za ma NGO ndingodutsa mwachangu poti si za khadi kwenikweni. Akaitanitsa chakudya cha workshop amalipira kudzera ku banki atachotsa kale withholding tax, nde apanso zomwe zalowa si zomwe mwagulitsa. Malonda ndi invoice yonse, ndipo chomwe achotsacho ndi msonkho womwe mwalipiriratu, chimadzachotsedwa pa zomwe muyenera kupereka, koma mukhale ndi satifiketi yake. Ofesiyi imalemba mndandanda wa mabungwe omwe sanakupatseni satifiketi kuti mukawalondole, kulondolako ndi kwanu.

Tsopano zodandaula, ndipo zilipo.

Foni. Abale inu, foni ya mu ofesi imeneyi imangolira. WhatsApp amawerenga, timizere tiwiri tabuluu tikuoneka, yankho kulibe mpaka mutakwera kabaza kupita konko. Mukafika amakulandirani bwino, mpando, moni wa ulemu, ntchito yanu n'kutheka yatha kalekale koma palibe amene anaganiza zokuuzani. Kwa munthu woti ukasiya pa bizinesi ola limodzi mafuta a tchipisi apserera, zimenezi zimawawa. Ndipo return ya chaka imayenera kulowa pasanathe masiku 180 chitsekereni mabuku, kwa ife a 31 March ndiye kuti chakumapeto kwa September, nde mwezi umenewo mu ofesi muja simupondeka, aliyense wabwera ndi jumbo ya malisiti, a ma hardware, a malo ogona alendo, a ma stationery a ku Matawale, ena achokera ku Songani ndi ku Domasi, amayi aja atopa maso ali psuu, ukafunsa funso amayankha mwachidule ngati wawalakwira. Ine panopa ndimapititsa mapepala mu May, nthawi imeneyo amakhala ndi mpata wokhala nawe pansi. Provisional tax, msonkho wolipiriratu miyezi itatu iliyonse, yomwe imafunika pofika pa 25 mwezi wotsatira, sakukumbutsani, muziika nokha pa kalendala ya pa foni, apo ayi chilango cha kuchedwa chidzakhala chanu osati chawo.

Chachiwiri, anyamata aja sakhalitsa. Ukangozolowerana naye, wadziwa kuti lesitilanti yako imagula nkhuku kwa amayi a ku Thondwe opanda lisiti ndipo mwagwirizana kalembedwe kake, chaka chamawa wapeza ntchito ku Blantyre, pabwera wina woti uyambirenso kufotokoza. Wina watsopano anaika ndalama zomwe banki imadula pa POS pamodzi ndi chiwongoladzanja cha ngongole ya firiji, mulu umodzi, anadzaziona ndi mwini ofesi uja pomaliza. Zinakonzedwa return isanapite, komabe zikusonyeza kuti ofesi yonse yatsamira pa munthu mmodzi, tsiku lomwe adzadwale kaya zidzatha bwanji.

Chachitatu ndi chomwe ndinalimbana nawo kwenikweni, password ya Msonkho Online, tsamba la pa intaneti la MRA lotumizirapo ma return. Chizolowezi chawo n'choti amakulembetserani okha, imelo n'kuika yawo, password n'kusunga iwo, inu mumangouzidwa kuti zatheka bwana. Ine ndinakana. TPIN, nambala ya wolipira msonkho ija, ndi yanga, dzina lomwe lili pa return ndi langa, zikadzavuta woyitanidwa ndine osati iwo, nde bwanji ndisamathe kulowa ndekha kuona chomwe chatumizidwa m'dzina langa? Anachita ngati ndawanyoza, akuti makasitomala ambiri amataya ma password nde timawasungira, mwina n'zoona, koma pamapeto anasintha n'kuika imelo yanga ndi nambala yanga. Inunso mukapita kumeneko kapena kwina kulikonse limbikirani zimenezi, ndipo return ikatumizidwa muzitenga kope lake ndi umboni wa ku banki woti msonkho walipiridwa, ndalama ya msonkho muzikalipira nokha osapatsira munthu m'manja. Pa ichi chokha sindikuwanena iwowa, sanandipemphepo kuti ndiwapatsire, koma nkhani za anthu opatsira ndalama ya msonkho kenako n'kudzamva kuti siinafike timazimva.

Za EIS, njira yatsopano ya malisiti yomwe a MRA anabweretsa kuti ilowe m'malo mwa makina a EFD aja, nditafunsa mayankho ake anali ozungulira, zikuoneka kuti nawonso akuphunzira kumene. Amene munalembetsa VAT bola mukafunse ku MRA komweko pa nkhani imeneyo.

Mtengo wake si wotchipa koma si wakuba. Amatchaja potengera kuchuluka kwa mapepala anu, mukhoza kugwirizana za pamwezi kapena kamodzi pachaka, ndipo amene amabwera ndi jumbo yosasanja amalipira zambiri kuposa wobwera ndi faelo yoika mwezi ndi mwezi, zomwe ndikuona kuti n'zachilungamo. Ndalama yomwe mwawalipirayo nayonso imalowa kumbali ya zowonongedwa pa bizinesi, bola akupatseni lisiti. Chomwe sindikonda n'choti invoice yawo imangolembedwa mzere umodzi, ntchito ya maakaunti, ndalama yakuti, osafotokoza kuti ya return ndi zingati, yogwirizanitsa sitetimenti ndi zingati, nde chaka chamawa akakweza sudziwa chomwe chakwera.

Kodi aliyense akufunika ofesi ngati imeneyi? Ine ndikuti ayi. Ngati muli ndi kagolosale ku Chikanda kapena ku Mpondabwino, mumalandira kashi ndi Airtel Money basi, malonda ake ndi ochepa, pitani nokha ku ofesi ya MRA, TPIN ndi yaulere, akakuuzani gulu lanu ndi zomwe muzilipira, kope lolembamo malonda tsiku ndi tsiku likukwanirani. Koma ngati muli ndi POS, mumalandira alendo akunja, muli ndi ma NGO odula withholding tax, ndipo nthawi ndi nthawi mumafuna tax clearance, satifiketi yosonyeza kuti za msonkho zanu zili bwino, kuti mupikisane nawo pa ma tenda a chakudya, apo pezani munthu wodziwa kuwerenga sitetimenti, ndipo amayi amenewa pa zimenezo ndi akatswiri. Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zinayi, imodzi yapita ndi foni yosayankhidwa ija ndi nkhani ya password.

Mukamapita tengani sitetimenti ya banki ya miyezi yonse 12 kuphatikizapo ya April wotsatira kuti aone ndalama zochedwa kulowa zija, lipoti la POS lomwe banki yanu ingakupatseni mukapempha losonyeza ndalama yonse ndi zomwe adula, sitetimenti ya Airtel Money kapena Mpamba, ma slip kapena zithunzi zake, masatifiketi a withholding tax, ndi kope la malonda ngakhale litadetsedwa ndi supu. Lipoti la POS lija pemphani msanga, ku banki kwanga linatenga nthawi kuti lituluke ndipo amayi aja sayamba ntchito popanda limenelo.